Munthu angakane bwanji $440 miliyoni? Mwana wanga akundifunsabe za Juan Soto

NaBanda wa ku Maryland:

Abale anga, mundipirire, lero ndabwera ndi nkhani ya masewero omwe ambiri muno simuwatsata. Ndikudziwa kuti muno ndi mwa a Bullets, Manoma ndi a Arsenal, koma alipo ena amene muli ku America kuno, mwina mundimasula pomwe pandimanga.

Ine ndimakhala ku Silver Spring, kufupi ndi Washington, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku. Baseball sindinkaidziwa n'komwe. Ndinkangoona anthu ovala zipewa, wina akuponya kampira koyera, wina akudikira ndi chindodo, maola atatu osatha. Amene anandikokera m'menemo ndi mwana wanga wamwamuna. Pa 1 Okutobala 2019, iye ali ndi zaka 9, ndinali nditavala kale yunifomu, makiyi ali m'manja, ndikuti ndizinyamuka. Anandigwira mkono n'kunena kuti, "Amayi, dikirani pang'ono, akubwera Soto." Timu yathu ya Washington Nationals inali ikugonja 3-1 kwa Milwaukee Brewers, masewero atatsala pang'ono kutha, ndipo wogonja tsiku limenelo kwake kunali kulongedza basi. Mnyamata wa zaka 20 uja anaima pamenepo, akupalasa dothi ndi mapazi ngati tambala, maso ali tong'o pa woponya mpira. Ataumenya, anzake atatu analowa, zigoli n'kukhala 4-3. Mwana wanga anakuwa mpaka aneba anagogoda khoma. Kuntchito ndinafika mochedwa, koma mtima uli mbee.

Mwezi womwewo timuyi inatenga chikho cha World Series, kugonjetsa Houston Astros pa masewero 7. Tsiku lokondwerera tinakwera sitima ya Red Line, n'kukaima pa Constitution Avenue pakati pa chinamtindi cha anthu ovala zofiira. Pa Khrisimasi ndinamugulira jezi ya nambala 22. Ndinasankha yaikulu dala, monga timachitira ndi yunifomu ya sukulu kumudzi, kuti azikula nayo. Manja ake ankafika m'zigongono.

Jezi ija itayamba kumukwana bwino, mu Julayi 2022, tinamva kuti Soto wakana kontirakiti ya zaka 15 ya $440 miliyoni yomwe timu inamupatsa kuti akhalebe. Ndinayesa kuti ndamva molakwa. Sipanathe milungu itatu, pa 2 Ogasiti, anamutumiza ku San Diego Padres. Mwana wanga sanalire, koma anapinda jezi ija bwinobwino n'kuiika pansi penipeni pa dilowa, ndipo chakudya chamadzulo anangochigwiragwira. Chaka chimenecho timu yathu inagonja masewero 107 mwa 162.

Ndikudziwa mmene nkhaniyi inathera. Mu Disembala 2024 anasaina ndi New York Mets, zaka 15, $765 miliyoni. Aliyense kuntchito akuti, "Mwaona, anali ndi nzeru." Koma ine mtima sukuvomerabe. Mnyamata ameneyu anakulira ku Santo Domingo, ku Dominican Republic, dziko lomwe anthu ambiri amadalira ndalama zotumizidwa ndi abale ali kunja, ngati ife tomwe. Ine ndikatumiza $200 kwa mayi anga ku Dedza ndimawerengera maola omwe ndaimirira kuti ndiipeze. Agogo anga ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Nanga akanathyoka mwendo mawa lake? Kodi pali chimene munthu angagule ndi 765 chomwe sangagule ndi 440? Ndipo ana ngati wanga, amene anamukonda ndi mtima wonse, sawerengedwa konse pa masamu amenewa?

Mwana wanga tsopano ali ndi zaka 15, ndipo sabata yatha anandifunsa kuti, "Amayi, inuyo mukanakana?" Ndinasowa chomuyankha. Amene mumawatsata masewerowa, ndithandizeni: kodi ndi dyera, kapena pali china chomwe ine sindikuchiona?

aPhiri a ku South Bend:

Achemwali, nkhani ya jezi ija yandikhudza, chifukwa nanenso ndili ndi adzukulu. Ine ndatsata masewerowa zaka zoposa 20 kuno ku Indiana, ndipo ndikuti chilipo chomwe simukuchiona. Si kulakwa kwanu, manyuzipepala amangoonetsa nambala yaikuluyo basi.

Choyamba muone mmene wosewera amakulira mu ligi imeneyi. Akangolowa mu ligi yaikulu, timu yake imakhala naye zaka 6 zathunthu, afune asafune. Zaka zitatu zoyambirira amalandira pafupifupi malipiro otsikitsitsa omwe malamulo amalola, ngakhale akhale katswiri woposa onse. Mu 2022 malipiro amenewo anali $700,000 pachaka. Kwa ife ndi chuma, koma timu imakhala ikupanga mamiliyoni ndi dzina lake pa matikiti, ma jezi ndi TV. Zaka zitatu zotsatira malipiro amakwera, ndipo akasemphana ndi timu amapita kwa oweruza apadera amene amasankha nambala imodzi mwa ziwiri, ya timu kapena ya wosewera. Nthawi yonseyi iye sangapite kwina mwa kufuna kwake, koma timu ikhoza kumusinthanitsa tsiku lililonse osamufunsa, m'mawa ali ku Washington, madzulo akulongedza wa ku California. Zaka 6 zikakwana ndi pomwe amakhala mfulu, matimu onse 30 n'kumupikisanirana. Kwa ambiri mwayi umenewu umabwera kamodzi kokha pa moyo. Ndiye timu ikabwera ndi kontirakiti yaitali nthawi isanakwane, chomwe ikugula kwenikweni ndi tsiku limenelo, kuti lisafike.

Tsopano tengani $440 miliyoni ija muigawe pa zaka 15. Ikubwera 29 miliyoni ndi pang'ono pachaka. Nthawi yomweyo Max Scherzer, amene anasewera naye limodzi ku Washington mu 2019, ankalandira zoposa 43 miliyoni pachaka ku Mets, ali ndi zaka 37. Soto anali ndi zaka 23 zokha, ndipo ankadziwa kuti adzakhala mfulu ali ndi 26, msinkhu womwe akatswiri ambiri safika nawo pamsika. Ejenti wake, Scott Boras, amadziwika kuti amakonda kufikitsa osewera ake pamsika. Komanso banja la a Lerner, eni timu, linali litalengeza chaka chomwecho kuti likulingalira zogulitsa timuyo. Ndiye amuuze munthu kuti dzimange zaka 15, pomwe sakudziwa kuti bwana wake chaka chamawa adzakhala ndani?

China n'chakuti sanali mmphawi wokana chakudya. Mu 2022 malipiro ake anali kale $17.1 miliyoni, chaka chotsatira 23 miliyoni, ndipo mu 2024 ku New York Yankees 31 miliyoni. Fodya wa agogo anu uja anali kale pamphuno. Chimene ankaika pachiswe ndi chowonjezera.

Koma chomwe ndimafuna muuze mwana wanu ndi dzina la Curt Flood. Kale kunalibe za zaka 6 izi, wosewera anali wa timu mpaka timuyo itamutaya. Mu 1969 St. Louis Cardinals inamutumiza Flood ku Philadelphia patatha zaka 12 akuisewerera, iye n'kukana kupita. Anali munthu wakuda, ndipo analembera mkulu wa ligi, Bowie Kuhn, kuti iye si katundu woti azigulidwa ndi kugulitsidwa. Anasiya malipiro ake a chaka chonse cha 1970, nkhani inafika ku khoti lalikulu la dziko lino, ndipo mu 1972 anagonja. Ntchito yake inathera pomwepo, atangosewera masewero 13 okha ndi Washington Senators mu 1971. Koma bungwe la osewera, motsogozedwa ndi Marvin Miller, silinagone, ndipo mu Disembala 1975 woweruza Peter Seitz anamasula osewera awiri, Andy Messersmith ndi Dave McNally. Ufulu wa zaka 6 unachokera pamenepo. Ndiye katswiri akalandira zochepa, amatsitsa mtengo wa onse obwera pambuyo pake, chifukwa timu iliyonse idzati, "Ngati Soto analandira zakuti, iwe ndiwe ndani?" Ndalama yomwe iye akanasiya sikanapita kwa ana amasiye kapena kutsitsa mtengo wa tikiti yanu. Ikanatsala m'thumba la eni timu, omwe ndi mabiliyoneya kale.

Chingota27:

Bambo Phiri, mwafotokoza bwino, koma mukutiuza za opambana okhaokha. Mayi NaBanda afunsa kuti nanga akanathyoka mwendo? Funso limenelo lili ndi mayina ake.

Yambani ndi wa ku Washington komweko, Ian Desmond. Chisanayambe chaka cha 2014 timu inamupatsa zaka 7, $107 miliyoni, iye anakana. Mu 2015, chaka chomwe amayenera kudzigulitsa, zinthu zinamukanika: kumenya kunatsika, mipira ikumupulumuka m'manja. Atafika pamsika uja a Phiri akuutama, matimu anangomuyang'ana. Anadikira mpaka Febuluwale 2016, n'kusaina ndi Texas Rangers chaka chimodzi, $8 miliyoni, ndipo anachita kumuchotsa pamalo omwe anasewera moyo wake wonse n'kumuika chakumapeto kwa bwalo. Pambuyo pake anapeza zaka 5 za $70 miliyoni ku Colorado, choncho sanafe ndi njala, koma tangoganizani miyezi ija foni ili zii.

Wina ndi Juan González wa ku Puerto Rico, amene anasankhidwa kawiri kukhala wosewera wopambana mu ligi yake, 1996 ndi 1998. Mu 2000 Detroit Tigers inamupatsa zaka 8, pafupifupi $140 miliyoni, ndalama yosaneneka nthawi imeneyo. Anakana, mwa zina chifukwa bwalo latsopano la Comerica Park linali ndi mpanda wakutali ndipo mipira yake yomwe ikanakhala ma home run (yomenyedwa mpaka kudumpha mpanda) inkathera m'manja mwa adani. Chaka chotsatira anasaina chaka chimodzi chokha ku Cleveland, $10 miliyoni. Thupi linayamba kumukana, ndipo mu 2005 anaima kukamenya kamodzi kokha chaka chonse, n'kuvulala akuthamanga, osabwereranso.

Yomwe imandiwawa kwambiri ndi ya Nomar Garciaparra. Ku Boston ankamukonda ngati mmene mwana wanu ankamukondera Soto. Mu 2003 anakana zaka 4 za $60 miliyoni. Ubale unazilala, anavulala chidendene, ndipo pa 31 Julayi 2004 anamutumiza ku Chicago Cubs. Patangopita miyezi itatu Boston inatenga chikho chomwe inachidikira zaka 86, iye akuonera patali. Mapanga awiri avumbwitsa.

Ngakhale Scherzer mwamutchulayo ankadziwa kuti akuyenda pa ulusi. Atakana $144 miliyoni ya Detroit mu 2014, anakagula inshuwalansi ya $40 miliyoni yoteteza mkono wake, kuopa kuti ungaduke chaka chisanathe. Mkono unapirira, n'kupeza $210 miliyoni ku Washington. Munthu wosaopa sagula inshuwalansi.

Ine sindikuti ndi dyera ayi. Ndikuti ndi juga, ndipo timakumbukira okhawo amene inawakomera.

Mlamu wa ku Joni:

Ine baseball ndimangoionera pa YouTube, kuyambira pomwe Gift Ngoepe wa konkuno ku South Africa anasewera ku Pittsburgh Pirates mu 2017, woyamba wobadwira mu Africa kufika mu ligi imeneyo. Koma zomwe afotokoza a Phiri ndi zomwe timaziona mu mpira wathu wa miyendo. Jean-Marc Bosman wa ku Belgium kontirakiti yake inatha mu 1990, timu yake n'kumukaniza kupita ku Dunkerque, ndipo anavutika m'makhoti mpaka 1995. Iyenso anatsegulira anzake chitseko, iye mwini osalemera nacho. Mu 2024 Mbappé anachoka ku PSG kupita ku Real Madrid popanda Madrid kulipira PSG kalikonse, ndipo palibe anadabwa.

Ndili ndi funso kwa a Phiri. Kodi alipo amene anakana koma n'kukhalabe patimu yomweyo? Chifukwa chomwe chikuwapweteka achemwali si ndalama, ndi kuchoka.

aPhiri a ku South Bend:

Alamu, alipo, ndipo ndi chaka chomwecho cha 2022. Aaron Judge anakana zaka 7 za $213.5 miliyoni tsiku lotsegulira ligi, ndipo mkulu wa Yankees, Brian Cashman, anakaulula nambalayo kwa atolankhani, masapota ena n'kuyamba kumunena kuti ndi wodzimva. Iye anali akukwanitsa zaka 30 mwezi womwewo ndipo anali atavulalapo kangapo, choncho juga yake inali yoopsa kuposa ya Soto. Anangotseka pakamwa n'kumenya ma home run 62, kuposa 61 ya Roger Maris yomwe inakhala chiyambire 1961 mu ligi yawo. Mu Disembala timu yomweyo inamupatsa zaka 9 za $360 miliyoni, n'kumuika kukhala kaputeni. Kusiyana kwake n'kwakuti Yankees inapirira naye mpaka chaka chithe. Washington inaona kuti ikadikira idzamutaya chabe, ndiye inamugulitsa msanga mtengo ukadali pamwamba. Amene anasankha tsiku la 2 Ogasiti si Soto. Iye anali ndi zaka zina ziwiri ndi theka zoti asewere pamaso pa mwana wanu.

A Chingota, mayina mwatchulawo ndi oona, sindikutsutsa. Koma onaninso mbali inayo. Mu Epulo 2019 Ozzie Albies wa ku Curaçao anasaina ndi Atlanta Braves zaka 7 za $35 miliyoni zokha, ali ndi zaka 22 ndipo atasankhidwa kale pakati pa akatswiri a ligi. Anali atathyokapo chigongono ali wamng'ono, ndipo anafuna kuti banja lake likhale pabwino. Aliyense wodziwa masewerowa anagwira pakamwa, chifukwa akanadikira akanapeza zochuluka kwambiri. Matimu amadziwa bwino anyamata ochokera m'mabanja osauka, amadziwa kuti mantha awo ali pati, ndipo amabwera ndi pepala nthawi yomwe manthawo ali aakulu.

NaBanda wa ku Maryland:

Zikomo nonse. Ndawerenga ndili pa buleki, agogo amene ndimawasamalira atagona, ndipo nkhani ya Albies ija yandikhazika pansi, chifukwa ameneyo ndi ineyo.

Nditangoyamba ntchito imeneyi, kampani ina yotumiza osamalira odwala m'makomo inandiitana mu ofesi. Anati akundikonda, makasitomala akundiyamikira, ndipo akufuna andipatse maola otsimikizika kwa zaka ziwiri, $14 pa ola, bola ndisagwire kwina. Mayi wa mu ofesiyo anandisunthira pepala patebulo, cholembera chili pamwamba pake, chotsegula kale. Nthawi imeneyo lendi inali itatsala masiku 6, mchimwene wanga kumudzi akudikira fizi. Sindinawerenge n'komwe tsamba lachiwiri. Ndinasaina, ndikuthokoza mpaka kuwomba m'manja. Mliri wa Covid utabwera, antchito anasowa, ndipo atsikana amene ndinawaphunzitsa ine kutembenuza wodwala pabedi ankalowa ndi malipiro oposa anga. Ndikadandaula, ankangonditulutsira pepala lija.

Sindinaganizepo kuti nkhani imeneyi ikugwirizana ndi ya Soto mpaka lero. Ine ndinasaina chifukwa ndinalibe pothawira. Iye anali napo pothawira, ndipo anapagwiritsa ntchito. Mwina chomwe chinkandiwawa n'chakuti ndinazolowera kuona munthu wochokera kosauka akulandira ndi manja awiri chilichonse chomwe wapatsidwa, ndiye kumuona wina akubweza pepala kunandioneka ngati mwano.

Komabe a Phiri, sindikuvomerezani zonse. Mwati amene anasankha tsikulo ndi timu, n'zoona. Koma ngakhale ku Yankees, komwe anafika nawo mu World Series mu 2024 atamenya ma home run 41, anamupatsa $760 miliyoni pa zaka 16 ndipo anawolokabe kupita ku Mets. Pamenepo panalibenso za mwini timu wosadziwika. Kumeneko kulinso ana amene anagula jezi ya nambala 22. Curt Flood anataya ntchito yake kuti wosewera azisankha yekha kopita, ndipo ndikulemekeza zimenezo, koma ufulu womwewo umalolanso munthu kunena kuti pano pandikwana, ndikhala. Ndikanakonda kuona ambiri akusankha motero, osati chifukwa cha mantha ngati ine, koma chifukwa chokonda malo. Ndipo a Chingota, dzina la Desmond ndimuuza mwana wanga, kuti adziwe kuti foni ikhoza kukhala zii.

Alamu a ku Joni, mwalasa pomwe pali bala. Soto atabwera koyamba ku Nationals Park atavala za San Diego, patangopita masiku ochepa chichokereni, bwalo lonse linaimirira kumuwombera m'manja. Ife tinaonera pa TV. Mwana wanga sanawombe nawo, koma sanazimitsenso TV.

Chaka chatha tinapitako tokha, kutsika sitima pa Navy Yard n'kukhala mipando yam'mwamba yotchipa ija. Mwa anyamata omwe San Diego inapereka posinthana ndi Soto muli James Wood, chimnyamata chachitali ngati mlongoti, wobadwira ku Rockville konkuno ku Maryland, mtunda wa mphindi zochepa kuchokera pomwe tikukhala. Anayamba kusewera mu ligi yaikulu pa 1 Julayi 2024, ndipo mwana wanga wayamba kale kundinong'oneza za jezi yake. Ndamuwerengera zaka zija a Phiri anena, ndipo ndamuuza kuti timu ili naye mpaka cha m'ma 2030. Iye wati pofika nthawi imeneyo adzakhala akugwira ntchito, adzagula yekha ina. Ya nambala 22 ija ikadali pansi pa dilowa, ndinafuna kuitumiza kumudzi pamodzi ndi zovala zina koma anandiletsa.

Loweruka ndili pa ofu. Ndikhala naye pansi timuwerengere zonsezi, kuyambira pa Curt Flood, kenako ndimufotokozere za pepala langa lija, lomwe sindinamuuzepo chiyambire.